Pakhonde pa Don Atilano Sitinena Zikomo

Don Atilano Ocampos ndi munthu amene sathokozedwa, ndipo amanyadira zimenezo. Ntchito yake ndi yokuta mafulasiki ndi chikopa. Mukamupatsa fulasiki yapulasitiki yosaoneka bwino, amaisokera chovala chachikopa n'kulembapo dzina lanu ndi ulusi, mwinanso chizindikiro cha timu yanu ya mpira, ngati timuyo sadana nayo. Kashopu kake kali kuseri kwa msika wa ku Luque, ndipo tebulo langa la zitsamba lili pafupi ndi khomo lake. Ine ndine Eulogia. Ndimasinja timbewu tonunkhira ndi mizu yothira m'madzi a tereré, ndipo kamtondo kanga ndi nyundo yake zakhala zikulongolozana kuyambira tonse tili ndi tsitsi lakuda.

Loweruka masana, anthu akayamba kuchepa mumsika, mkuluyu amatulutsa mipando inayi pakhonde, pamthunzi wa mango. Mwambo umati wamng'ono pagulu ndiye azithira tereré, koma Don Atilano amathira yekha, ati mumtima ndi mwana kuposa tonsefe. Amadzaza masamba a yeriba m'chikho cha nyanga ya ng'ombe, kuthiramo madzi a ayisi, n'kupatsa munthu. Munthuyo amayamwa ndi kampope kachitsulo mpaka chikho chilire, n'kubweza osanena kanthu. Ukabweza n'kunena kuti zikomo, ndiye kuti wakwana, chikho chizikudumpha. N'chifukwa chake ndati mkuluyu amanyadira kusathokozedwa. Pakhonde pake munthu amanyamuka chifukwa basi ikumusiya, osati chifukwa wakwana.

Koma chimene chimatimata pamipandopo si madzi okha ayi. Ndi Azelumi.

Azelumi ndi mtundu wa anthu a m'mabuku azithunzi otchedwa Ufumu wa Talmura. Ndi ataliatali, akhungu lotuwa, ali ndi zala zisanu ndi chimodzi dzanja lililonse, savala nsapato ndipo amagona choimirira. Nkhondo ikavuta amatsika m'mapiri, kuthandiza amene afuna kumuthandiza, n'kubwerera osatsanzika. M'mabuku onsewo mulibe Mzelumi wakhanda, mulibe wapakati, mulibenso manda awo. Wojambula wake, mayi wina wa ku Argentina wosakonda kuyankha mafunso, sananenepo kumene anthuwa amachokera. Pa intaneti anthu amatukwanizana nazo osaonana nkhope. Ife timatukwanizana maso ndi maso, zimene ndi zaulemu kwambiri.

Don Atilano anabadwira kumudzi cha ku Caazapá. Sukulu anaisiya zilembo zisanamuzolowere, n'kubwera ku Luque kudzathandiza amalume ake pa zikopa. Kuwerenga anadziphunzitsa yekha ndi mabuku azithunzi, chifukwa m'menemo mawu akakukanika chithunzi chimakunong'oneza. Anakwatira Delfina, mayi amene akaseka mbali ino ya msika, ogulitsa nsomba mbali inayo ankasekanso osadziwa nkhani. Anabereka ana awiri. Wamkazi ali ku Spain, wamwamuna ku Buenos Aires, ndipo onse amaimba foni akakumbukira. Buku loyamba la Talmura analiiwala pabenchi kasitomala wina amene sanabwererenso, enawo anachita kusaka yekha. Mipando anayamba kutulutsa pakhonde chaka chimene Delfina anamwalira, ndipo ine ndinakhalapo koyamba chifukwa cha chisoni chabe. Anandibwereka buku limodzi, ndinapsereza chakudya chamadzulo, basi ndinakodwa.

Mpando wachitatu ndi wa Wilfrido, dalaivala wa basi ya ku Asunción, munthu wa mawu aakulu amene sanayambe wanong'onapo. Wachinayi ndi wa Ña Zunilda Irala. Mayi ameneyu ankagulitsa nyama mumsika muno, ndipo mpaka lero amayankhula ngati akudula fupa. Atapuma ntchito anasamukira kwa mwana wake ku Capiatá, koma Loweruka lililonse amakwera mabasi awiri, bondo likumuwawa, kuti adzauze Don Atilano kuti akunama.

“Amathothoka m'mitengo,” amatero Ña Zunilda asanakhale n'komwe pansi. “Nkhalango ya masamba asiliva ija ya m'buku lachiwiri, simunaone zipatso zikuluzikulu zili lende? Zazikulu ngati mwana wa ng'ombe. Mukuganiza muli chiyani m'menemo, maswiti? Akapsa amagwa ali akuluakulu kale, ngati mango awa.”

“Ña Zuni, munthu wogwa mumtengo amakhala ndi chotupa pamutu,” amayankha Don Atilano akuthira madzi. “Munaonapo Mzelumi wa chotupa?”

“Amagwera pa udzu.”

“Onse? Mtundu wonsewo, palibe ndi mmodzi yemwe wogwera pamwala?”

“Si onse ali ndi tsoka ngati lanu, bambo.”

Wilfrido amaseka mpaka mpando kulira. “Akuluakulu, mukudzivutitsa ndi zaziii. Mayi uja sadziwa kujambula ana, nkhani yake ndi yomweyo. Mwana wa mfumu uja wa m'buku lachitatu munamuona? Wa miyezi iwiri, koma nkhope ngati ya makaniko wathu.”

Anga maganizo ndi achidule, ndipo ndi okhawo anzeru: ana alipo, koma amawasiya kunyumba. Ndi mayi uti amanyamula khanda popita kunkhondo? Koma palibe amandimvera, chifukwa zoona sizikoma kukangana.

Don Atilano yekha ndiye amanena zake motsitsa mawu. Iye amati Azelumi ndi anthu wamba amene anaiwalika. Munthu akafika poti palibenso womutchula dzina, amadzuka tsiku lina n'kulunjika kumapiri, ndipo ali m'njira khungu limatuwa, chala china chimamera. “N'chifukwa chake kulibe makanda,” amatero. “Khanda saliiwala, limalira.” Umboni wake ndi kachikwama. M'buku loyamba muli nkhalamba ina yophika buledi, yosafunika m'nkhani, yongoima kumbuyo kwa anthu, ndipo m'chiuno mwake muli kachikwama kachikopa ka msoko wopingasa. M'buku lachinayi Mzelumi wina ali ndi kachikwama ka msoko womwewo.

“Msoko sunama, Ña Zuni.”

“Ndiye kuti anagula kwa munthu mmodzi. Theka la Luque likuyenda ndi msoko wanu, onsewo ndi munthu mmodzi?”

Zakhala choncho zaka zambirimbiri. Mango apsa n'kutha, Wilfrido wasintha mabasi, ine mano ena andithawa, koma mkangano uli pomwepo, wonenepa bwino. Kangapo konse Ña Zunilda ananyamuka atakwiya, kulumbira kuti sadzapondanso pakhonde la munthu wotsutsa galu wakuda. Koma ngakhale atapsa mtima chotani, chikho ankabweza ali ndwii, osanena mawu aja, ndipo Don Atilano ankadziwa kuti Loweruka linalo abwera.

Ndiye kunamveka kuti buku lomaliza latuluka, ndipo kuti m'menemo mayi wa ku Argentina uja waulula zonse.

Tinapangana kuti aliyense atseke makutu, tidzamvere limodzi. Wilfrido anatuluka m'magulu onse a pafoni. Ña Zunilda anauza adzukulu ake kuti amene amutsine khutu asadzadyenso chophika iye. Ine ndinathamangitsa kasitomala, mnyamata wa ku yunivesite amene anayamba ndi kuti, “Ña Eulogia, mwamva za Azelumi?” Ndinamuloza ndi munsi, anathawa osatenga zitsamba zake. Buku linabwera ndi mnzake wa Wilfrido woyendetsa basi ya ku Buenos Aires, lili lokulungidwa bwino, ndipo tinalipereka kwa Don Atilano poti khonde ndi lake.

Loweruka loyamba anati magalasi ake athyoka. Tinati Wilfrido awerenge, iye anati zithunzi aziona bwanji. Loweruka lotsatira kunali mphepo ya kumpoto, yotentha ija imene imapsetsa anthu mtima popanda chifukwa, ndipo anati tsiku lotere munthu sawerenga zinthu zofunika, tingamenyane. Apo tinavomera, chifukwa Ña Zunilda anali atakalipira kale galu wodutsa. Koma linalo anati waiwala pamene analisunga, m'kashopu kamene munthu akatambasula manja amagwira makoma onse awiri.

Lolemba m'mawa ndinamupeza akulowetsa ulusi pa singano, magalasi ali bwinobwino pamphuno.

“Don Ati, magalasi achira?”

“Akupezako bwino.”

“Nanga buku lachira liti? Mukuopa kugonja kwa Ña Zuni eti? Bambo wamkulu ngati inu.”

Anaika singano pansi. “Kugonja? Kugonja kapena kupambana n'chimodzimodzi, Ña Eulo. Mayi uja amakwera mabasi awiri ndi bondo lija kuti adzanditsutse. Wilfrido amachonderera mnzake kuti amugwirire Loweruka, kuti adzatiseke. Buku likanena yankho, azidzatani kuno? Madzi ozizira ali paliponse.”

“Nanga ine simukundiwerengera?”

“Inu muli ndi tebulo pompano, simungathawe.”

Ndinapsa mtima, chifukwa palibe mkazi amakonda kuuzidwa kuti amabwera poti alibe kothawira. Koma mtima utatsika ndinamumvera chisoni kwambiri. Ndinayang'ana mipando inayi ija itasanjikizana pakona, ndi chithunzi cha Delfina pakhoma, ndipo ndinazindikira kumene maganizo ake a anthu oiwalika anachokera. Sanawapeze pa kachikwama ayi. Komabe chisoni changa sichichedwa kusanduka ukali. Ndinamuuza kuti Loweruka likubwerali akapanda kutulutsa buku, ndikafunsa mnyamata wa ku yunivesite uja, ndipo yankho ndidzalikuwa pakati pa msika.

Loweruka buku linapezeka. Ati linali pansi pa zikopa.

Tsikulo kunacha bwino. Ña Zunilda anafika atavala diresi yake ya ku tchalitchi, atanyamula dengu la chipa, timikate tathu ta chinangwa ndi tchizi, tikadali totentha. Anati waphika kuti ogonja apeze chotafuna. Ine ndinasinja zitsamba zoziziritsa mtima, ndinathira zambiri. Wilfrido ndiye anawerenga, poti mawu ali nawo, akutembenuza buku kuti tione zithunzi. Mfumukazi ankaiyankhulitsa ngati apongozi ake, ndipo chinjoka ngati wapolisi wa pamsewu. Tinaseka mpaka ogulitsa nsapato oyandikana nafe anabwera kudzasuzumira, ife n'kuwabweza.

Woyamba kugwa anali Wilfrido mwiniwake. Atatsegula tsamba lina tinaona khanda la mlimi litajambulidwa bwino, masaya ofewa, loti munthu n'kufuna kulinyamula.

“Wachita kulemba ganyu,” anatero Wilfrido. “Limeneli si dzanja lake.”

“Werengani, achimwene, musatitayitse nthawi,” anatero Ña Zunilda, akuseka ndi mapewa.

Sanaseke nthawi yaitali. Ankhondo atalowa m'nkhalango ya masamba asiliva, mmodzi analasa chipatso chachikulu chija ndi mkondo, ndipo munatuluka mavu. Tsamba lonse mavu okhaokha. Ña Zunilda anayang'anitsitsa, mwina pofuna kuona ngati pali vu la zala zisanu ndi chimodzi, kenaka anati, “Tiyeni patsogolo.” Ine ndinagwa pamene anationetsa mudzi wa Azelumi kumapiri, wopanda mwana ndi mmodzi yemwe, wopanda ngakhale thewera pachingwe. Ndinati wojambulayo sanalowe m'nyumba zonse, koma palibe anandiyankha.

Kenaka, chakumapeto, nkhani inabwerera m'mbuyo. Tinaona nkhalamba yophika buledi ija ikutseka ng'anjo yake. Ikuyenda mumsewu, anthu akuidutsa osaipatsa moni. Ikuima pakhomo la mwana wake, m'nyumba akudya ndi kuseka, iyo n'kubwerera osagogoda. Ikutuluka pachipata cha mzinda, kachikwama ka msoko wopingasa kali m'chiuno. Wilfrido anasiya zoseketsa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo mwake anawerenga motsitsa mawu. Nkhalamba ija inagona m'njira, ndipo podzuka khungu linali litatuwa. Chithunzi chomaliza chinali dzanja lake lokha, ikuwerenga zala.

Don Atilano analondola zonse, mpaka msoko.

Ndinkayembekezera kuti Wilfrido amuombera m'manja kapena amusereula, koma anangotseka buku n'kuliika pamwendo. Wopambanayo nkhope yake inali ngati ya munthu amene wauzidwa kuti asamuke. Manja ake okha ndiwo ankadziwa chochita. Anathira, kupatsa Wilfrido. Anathira, kupatsa ine. Anathira, kupatsa Ña Zunilda.

Mayiyo anachigwira chikhocho nthawi yaitali osamwa, akuyang'ana buku. Kenaka anayamwa mpaka chinalira, n'kuchibweza ndi manja awiri.

“Zikomo, Atilano,” anatero.

Zaka zonsezi mayi ameneyu anamunenapo Don Atilano kuti ndi wabodza, wouma mutu, mbuli ya zikopa, koma mawu amenewa anali asanamuuzepo. Don Atilano analandira chikho, anangogwedeza mutu ngati munthu amene zimene ankayembekezera zafika. Anathira n'kumwa yekha. Anapatsa Wilfrido, amene anamwa akuyang'ana pansi. Anapatsa ine. Nditabweza anathiranso, n'kubweretsa kampope kukamwa kwake.

Dzanja la Ña Zunilda linali litatambasuka kale m'malere.

“Nanga ine ndalakwanji?”

“Mwati zikomo,” anatero Don Atilano osamuyang'ana.

“Ndati zikomo ine?”

“Tonse tamva, Ña Zuni,” anatero Wilfrido.

Mayiyo anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo atazindikira anadzimenya pantchafu. “Aa, koma anthu inu. Zikomo ameneyo si wa chikho. Ndimathokoza bambo uyu. Nkhalamba ya m'bukuyi yandikhudza, ndiye ndinati ndinene kamodzi ndisanafe. Kwa mwana wanga kuja aliyense amangoti inde agogo, inde agogo, ngati ndine wodwala. Ndikati kumwamba n'kobiriwira amati inde agogo. Munthu mmodzi yekha padziko pano ndiye amandiuza kuti ndikunama, ndiye ndisamuthokoze? Munthu sangathokozenso mnzake m'dziko muno?”

“Osati chikho chili m'manja, mayi,” anatero Wilfrido. “Ngakhale mwana wa mkaka amadziwa.”

“Ndiye ndabweza zikomo wangayo. Sindinanene. Thirani, bambo, kukhosi kwauma, ndipo ndili ndi mawu.”

Don Atilano anamupatsa chikho chimene anali atadzithirira. Madzi ena anatayikira pa diresi ya ku tchalitchi, koma mwini wake sanaone n'komwe. Anamwa, kubweza ali ndwii monga mwa masiku onse, n'kulanda buku pamwendo pa Wilfrido.

“Komanso musadzimve. Taonani apa. Wophika buledi wanuyu, pamene akusinthapa, wagona pansi pa mtengo wanji?”

Tinaweramira tonse. Pakona pa chithunzicho panali nthambi, ndipo masamba ake anali asiliva.

“Mwaona? Popanda mtengo wanga, munthu wanuyu akanangokhala nkhalamba yosochera. Kuiwalika kumangomufikitsa pamtengo. Ntchito yeniyeni ndi ya mtengo.”

“Wagonapo chifukwa cha mthunzi,” anatero Don Atilano.

“Mthunzi? Mwezi uwo uli apowo simukuuona? Munthu amafuna mthunzi wa mwezi?”

“Mwina amaopa mame.”

“Ndipo woyamba anaiwalidwa ndi ndani?” analowererapo Wilfrido. “Chala chinacho n'chantchito yanji? Ine ndikuti mayi uja analakwitsa kuwerenga zala m'buku loyamba, ndiye anachita manyazi kukonza.”

Ine ndinabwezanso masamba mpaka pamudzi wa kumapiri, n'kuwaonetsa nyumba ina yotseka chitseko ndi mawindo omwe dzuwa lili pamutu. Ndinafunsa kuti ndani amatseka choncho masana ngati m'nyumba simunagone mwana. Onse atatu anandiuza nthawi imodzi kuti ndikunama, ndipo ndinasangalala kwambiri.

Mkangano uli pakati, Don Atilano anaimirira n'kunena kuti akukatenga ayisi. Fulasiki inali yodzaza, tonse tinkamva ayisi akugundana m'menemo, koma tinamuleka apite. Analowa m'kashopu n'kukankha chitseko. Tinadya chipa, tinadikira. Anachedwa.

“Ameneyu atuluka atatuwa,” anatero Ña Zunilda. “Tamuitanani, chala chisanamere.”

Anayamba yekha, ndi mawu ake odulira mafupa aja. Wilfrido anapokera, ine n'kutsatira, ndipo ogulitsa nsapato aja, osadziwa n'komwe chifukwa chake, analowa nawo. Tinamutchula dzina lonse, Atilano Ocampos, mobwerezabwereza, mpaka nkhunda zinauluka padenga la msika.

Anatuluka maso ali psuu, ati fumbi la zikopa lamulowa. Ayisi analibe. Anakhala pampando wake, kunyamula fulasiki, n'kufunsa kuti chikho chinalekera pa ndani.

“Pa ine,” anatero Ña Zunilda, ngakhale kuti anali atangomwa kumene. Ndipo anamuthirira.